Kulemba zofunika pa Khirisimasi si kupemphetsa

Mayi wina wa ku Chadiza amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti anzake a kuntchito amalemba mndandanda wa mphatso zimene akufuna pa masitolo a pa intaneti a Takealot ndi Amazon, achibale n'kumasankhapo chogula. Iye akufuna kuyambitsa zimenezi kwawo Khirisimasi ino, koma akuopa kuti akuluakulu adzati ndi kupemphetsa.

Mayi, funso lanu landifika pamtima chifukwa m'banja mwathu ine ndine wolandira katundu. Abale anga ali ku Lusaka ndi ku Kitwe, ine ndinatsala konkuno ku Chipata, ndipo amayi athu ali kumudzi, kupitirira Mtenguleni ukamalowera ku Katete. Disembala ikangofika foni imayamba kulira: "Tatumiza chikwama pa basi, ukachilandire." Ndimakachitenga pa siteshoni, ndimakwera nacho, ndipo ndimakhalapo pamene chikumasulidwa pakhonde. Otumizawo amangoona chithunzi cha amayi akumwetulira. Zotsalazo ndimaziona ine.

Ndinaonapo mdzukulu akulowetsa phazi mu nsapato yatsopano, chala chachikulu chikukana, iye n'kumaumirira mpaka misozi chifukwa nsapatoyo inali yokongola ndipo inachokera kwa amalume ake. Anaivala tsiku la Khirisimasi lokha, akuyenda motsimphina kupita kutchalitchi, kenako inapita kwa mwana wa oyandikana nawo. Palibe anafunsa saizi. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi sutikesi ya amayi. Atadwala, tinaikoka pansi pa bedi kuti tifune khadi lawo la kuchipatala. Inali yodzaza zitenje, zopindidwa bwinobwino, zina zikadali ndi kapepala ka m'sitolo, pakati pake ataikapo sopo wonunkhira kuti zisagwire fungo. Mwana aliyense ankatumiza chitenje chaka ndi chaka. Chaka chomwecho amayi anali atagulitsa mbuzi mu Januwale kuti apeze thumba la yureya, chimanga chitayamba kale kuchita chikasu m'munda.

Amayi sananenepo kanthu. Amalandira ndi manja awiri n'kuti, "Zikomo mwanawe, Mulungu akuonjezere pamene wachotsa." Anthu a msinkhu wawo anakula akudziwa kuti mphatso siidandaulidwa, ndipo kholo silitchulira mwana wake chogula. Ulemu umenewu ndimaukonda ndipo sindikufuna kuti uthe. Koma ngati iwo sangatchule, udindo wofunsa uli kwa ife. Safunsa anadya phula, ndipo m'mabanja mwathu phulalo amadya ndi olandira mphatso, osati ogula.

Nditatchula za mndandanda pagulu lathu la WhatsApp, akulu anga ena anakwiya. Anati mphatso imachokera mumtima, ya pamndandanda ndi ngongole. Ndinawamvera, koma lero ndikunena poyera kuti sindigwirizana nawo. Mphatso zambiri za Disembala zimagulidwa kuti wogula aoneke. Munthu amafuna kutsika pagalimoto ndi chinthu chonyezimira anthu a m'mudzi akuona. Thumba la feteleza silinyezimira, malata awiri otsekera podontha sanyezimira, ndiye sagulidwa. Mtima umene sufuna kudziwa chimene mayi ako akusowa ndi mtima wotani? Kwathu kuno Khirisimasi imagwa pakati pa dzinja. Mvula ikugwa, anthu ali pa kupalira, nkhokwe zayamba kutsika, ndipo Januwale ali pakhomo ndi sukulu. Kuyambira 2022 m'masukulu aboma simulipiridwa fizi, zimenezo zinathandiza kwambiri, koma yunifolomu, nsapato, makope ndi chikwama zikadali pamutu pa kholo. Mwana amene walandira galimoto yachidole ya mabatire n'kupita kusukulu ndi patapata woduka, ameneyo sanaganiziridwe.

Ndiponso zosowa zimasintha, wokhala kutali sangazidziwe. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaitali ngakhale m'tauni muno. Chaka chimenecho nyale ya sola yokhala ndi potchajira foni inali mphatso yoposa diresi lililonse. Azakhali anga a ku Kapata anachita kuvina atailandira, chifukwa adzukulu anayamba kuwerenga usiku. Akanakhala kuti sanafunsidwe, bwenzi atalandira fulasiki ina ya tiyi.

Tsono za Takealot ndi Amazon zimene mwatchulazo. Nzeru yake ndi yabwino: chinthu chikagulidwa pamndandanda, ena amadziwa kuti chatengedwa, ndiye anthu awiri sagula chofanana. Nzeru imeneyo ndiyo tiitenge. Masitolowo tiwasiye. Takealot imapereka katundu mkati mwa South Africa, ndiye kuti chifike ku Chadiza chiyenera kudutsa m'malire, kufika ku Lusaka, kenako makilomita oposa 550 a Great East Road, kuwoloka Luangwa, kudutsa Nyimba ndi Petauke. Mukawerengera za mayendedwe ndi msonkho, ketulo imodzi yadya ndalama za maketulo angapo. Ikafika yosweka mukaibweza kuti? Zinthu zimene anthu athu akufuna zili ku Down Shops, ku Kapata, ku Saturday Market ndi ku Shoprite konkuno. Ndalama yanu ikagwera kwa mayi wogulitsa pamsika wa Kapata, Khirisimasi yafikanso kunyumba ina. Agogo anu sadzatsegula akaunti pa intaneti, ndipo musawavutitse nazo.

Mmene ife timachitira

Akuluakulu salemba okha. Apa ndi pamene manyazi amathera. Timatuma mdzukulu kapena mlamu amene amakhala nawo pafupi kuti azimvetsera m'macheza, aone bulangete ngati latha, poto ngati wabooka, magalasi ngati athyoka. Ana amaponda papepala, phazi lijambulidwe ndi bolopeni, liyezedwe ndi rula, chithunzi chitumizidwe. Zimenezi ziyambe mu Novembala, anthu asanalandire malipiro a mwezi umenewo.

Mndandanda umalembedwa pagulu la WhatsApp la ana ndi adzukulu okha, chilichonse ndi mtengo wake wa ku Chipata. Uthengawo muupine, WhatsApp imalola mpaka masiku 30, kuti usakwiririke ndi mavesi a m'mawa ndi mavidiyo. Wosankha chinthu amakopera mndandanda n'kulemba dzina lake pambali pake. Ngati muli ambiri, Google Sheets imathandiza chifukwa aliyense amaona pepala limodzi, koma imafuna bando ndi foni yabwinoko.

Chonde muikepo ndi zotsika mtengo: shuga, sopo, mafuta ophikira, mpunga wa tsikulo. M'banja lililonse muli wina amene ntchito inamuthera, ndipo zimapweteka kuona mndandanda wa zinthu zodula zokhazokha iwe ulibe poyambira. Zikuluzikulu monga feteleza ndi malata musonkherane kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndalama ipite kwa munthu mmodzi, iye atumize chithunzi cha risiti. Wofuna kuonjezera kachitenje kapena maswiti a ana mwa iye yekha aonjezere, palibe womuletsa.

Inuyo muli ku Johannesburg, tumizani ndalama, wa ku Chipata agule. Mukaimbira agogo musatchule mawu oti mndandanda. Afunseni za kumunda, za denga ndi za mawondo awo, ndipo mukhale ndi pepala pafupi polankhula nawo.