Za wotchi ya timbalame ija, musatumize ndalama kaye

Achimwene, mwati m'bale wanu ku Joni wakupezerani wotchi ya kampani ya ku Switzerland ya Jaquet Droz yokhala ndi timbalame toyenda pankhope pake, pa marandi 15,000, ndipo mukufunsa ngati ndi yabwino komanso msonkho wake. Za msonkho zisiyeni kaye, chifukwa mtengo wokhawo wanena kale kuti ndi feki. Wotchi yeniyeni ya timbalame ya kampaniyi, yotchedwa Bird Repeater, yomwe inatuluka mu 2012, imagulidwa pafupifupi theka la miliyoni ya madola. Ngakhale wotchi ya Pont des Amoureux ya kampani ya Van Cleef & Arpels, ija tizithunzi ta mwamuna ndi mkazi timakumana pamlatho nthawi ikakwana 12, imapitirira madola 100,000. Amene akukuuzani kuti "bola ikuyenda, gulani" sanaionepo mkati wotchi yotere.

Uzani m'bale wanuyo achite izi wogulitsa ali pompo. Aike mivi pa 12:59, kenako akankhe kachitsulo ka m'mbali mpaka kumapeto. Yeniyeni imalira kakhumi ndi kawiri ndi liwu lalikulu la maola, kenako mawu awiriawiri katatu a makota a ola (mphindi 15 kota iliyonse), kenako ka 14 ndi liwu laling'ono la mphindi. Zonse pamodzi ndi kumenya 32. Nthawi yomweyo mbalame imodzi imawerama kudyetsa anapiye, ina imatambasula mapiko, dzira limasweka m'chisa. Zonsezi zimayendetsedwa ndi sipuling'i ndi timawilo ta mano, mulibe batire. Mukamva kanyimbo ka magetsi, kapena timbalame tikungogwedezeka mukasuntha dzanja, bwererani.

Nkhope aione ndi galasi lokulitsa kakhumi. Yosindikiza pamakina imaoneka timadontho ting'onoting'ono ngati chithunzi cha m'nyuzipepala, pomwe yojambula pamanja imaonetsa njira za burashi, ndipo nthenga za mbalame zimakhala zosema pagolide imodziimodzi. Akakuuzani kuti nkhope ndi ya enamel ya Grand Feu, dziwani kuti imeneyo ndi galasi losinja, lowotchedwa mung'anjo pa madigiri pafupifupi 800, kangapo konse. Sifwifwa ndi dzuwa, koma ikang'aluka simatika, amachita kupanga ina. Pendeketsani wotchi pakuwala, muyang'anitsitse pabowo la mivi ndi m'mphepete, ming'alu yonga tsitsi imayambira pamenepo. Nambala ya pachivundikiro cha kumbuyo ifanane ndi ya pamapepala, ndipo sitolo yovomerezeka ya kampaniyo iitsimikizire ndalama isanachoke.

Tsono ngakhale mutapeza yeniyeni, Mangochi yathu ino siikonda mawotchi oterewa. Ambiri amalemba kuti salowa madzi mpaka mamita 30, ena salemba n'komwe, ndipo 30 ameneyo satanthauza kuti musambe nayo ku Cape Maclear, ndi wa madontho a mvula basi. Mpata umene kachitsulo ka m'mbali kamayendamo ndiwo khomo la chinyezi, thukuta la mu Okutobala ndi mchenga wa kunyanja. Mukachoka padzuwa n'kulowa m'chipinda chozizira cha kuloji, nthunzi imatha kuchita mame kunsi kwa galasi. Mame amenewo akagona masiku angapo, timahamala ndi tizitsulo tolira timachita dzimbiri, liwu limasasa, mbalame imaima pakati pa ulendo. Mukaona nkhungu m'galasi musaike mumpunga kapena padzuwa, iyenera kutsegulidwa msanga ndi mmisiri wake.

Ndipo mmisiriyo si wa pakhonde la sitolo amene amasintha mabatire. Wotchi yotere imakhala ndi tizigawo mazanamazana, imafuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta atsopano pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo nthawi zambiri imabwerera ku Switzerland kwa miyezi. Ndalama yokonzetsera yokha ikhoza kugula galimoto.

Zowononga zina ndi za m'manja mwa mwini: kutembenuza mivi wotchi ikulira kumathyola mano, kuigoneka pasipika kapena pafupi ndi maginito a chikwama cha foni kumamatitsa kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kosunga nthawi, wotchi n'kuyamba kuthamanga, ndipo kugwedezeka kwa kabaza wa njinga yamoto kumamasula tizomangira.

Ngati chimene mukufuna ndi makina enieni opanda batire, marandi amenewo gulirani Seiko Presage kusitolo yopereka waranti, kapena Orient yotsika mtengo, yotsalayo musunge yokonzetsera.