Wotchi ya seva ikamatsalira ngakhale NTP ndi yoyatsa

Mwafunsa chifukwa chake wotchi ya seva yanu ya Linux imatsalira mphindi zingapo sabata iliyonse chonsecho munayatsa NTP, njira yolongosolera wotchi pofunsa maseva a nthawi pa intaneti. Yambani ndi kulemba lamulo la timedatectl mu terminal. Ngati pamzere wa "System clock synchronized" palembedwa "no", makinawo sakumvana ndi seva ya nthawi, ndipo kawirikawiri vuto ndi firewall, mlonda wa makomo a netiweki: NTP imadutsa pa UDP port 123, khomo limene nthawi zambiri limatsekedwa mosadziwa.

Ikani chrony, pulogalamu ya NTP, ndiyo imapirira bwino intaneti yodukaduka. Mu fayilo yake ya makonzedwe, chrony.conf, lembani "pool pool.ntp.org iburst" ndi "makestep 1.0 3". Mzere wachiwiriwu umalola wotchi kudumpha ikaphonya kupitirira sekondi imodzi, koma pa maulendo atatu oyamba okha chrony ikangoyamba kugwira ntchito. Kenako chrony imangoifulumizitsa kapena kuichedwetsa pang'onopang'ono, kuti nthawi isabwerere m'mbuyo n'kusokoneza ma log ndi database. Musaiwale kuzimitsa mapulogalamu ena a NTP, systemd-timesyncd kapena ntpd, chifukwa mapulogalamu awiri akamalimbirana wotchi imodzi palibe chimene chimalongosoka.

Kenako lembani chronyc sources. Seva imene ili ndi chizindikiro cha ^* ndiyo yasankhidwa, ndipo nambala ya pansi pa Reach ikafika 377 ndiye kuti mafunso 8 omaliza onse ayankhidwa. Ikakhala 0, bwererani ku firewall.

Ngati nthawi imasokonekera magetsi akazima basi, sinthani kabatire ka CR2032 pa motherboard, katha mphamvu.