Bambo akadzalephera kudzilankhulira m'chipatala cha ku England, adzawalankhulira ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Coventry. Bambo awo omubereka, azaka 74, amakhala nawo komweko, ndipo madokotala angowapeza ndi chiyambi cha matenda oiwalaiwala a dementia. Mayiwa alemba kuti: "Kwa GP (dokotala wa banja wa m'dera lathu) ndinalembetsa kuti next of kin ndine. Kodi zimenezi si zokwanira kuti ndidzawasankhire chithandizo akadzafika posazindikira? Achimwene anga ku Blantyre akuti kulemba mapepala a zotere n'kuwaitanira imfa bambo."

Mayi, si zokwanira ayi. Kwathu wodwala akagonekedwa, gadiyani ndi eni mbumba amakhala pansi n'kumangana chimodzi, adokotala n'kumvera. Ku England ndi Wales nkhaniyi imayendera lamulo la Mental Capacity Act la 2005, ndipo lamuloli silipereka mphamvu kwa next of kin. Dzina lanulo ndi la munthu woimbiridwa foni zikavuta, basi. Bambo akalephera kudzisankhira, wosankha amakhala dokotala amene akuwathandiza, potsata chimene akuona kuti n'chowakomera. Lamulo limamuuza kuti akufunseni maganizo inu ndi abale ena, koma mawu otsiriza ndi ake. Ngakhale mkazi kapena mwamuna wa wodwala alibe mphamvuyi popanda pepala.

Mwayi wanu ndi wakuti kupezeka ndi dementia sikutanthauza kuti munthu wasiya kudzisankhira. Lamulo limayang'ana nkhani imodzi imodzi pa nthawi yake: kodi akumvetsa zimene akuuzidwa, akutha kuzisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira kuti asankhe, akutha kuyeza ubwino ndi kuipa kwake, ndipo akutha kunena chimene asankha? Ngati bambo akukwanitsa zinayi zimenezi lero, angathe kusaina. Koma matendawa sabwerera m'mbuyo. Khomo likatsekeka, njira yotsala ndi ya ku Court of Protection, khoti loona za anthu olephera kudzisankhira, yodula ndiponso yochedwa, ndipo khotilo silikonda kuika munthu woyang'anira za umoyo wa mnzake. Ngakhale litakuikani, simungakhale ndi mphamvu yokana chithandizo chosunga moyo.

Pepala loyamba, limene tikuona kuti ndilo lofunika kwambiri kwa inu, ndi Lasting Power of Attorney ya za umoyo ndi chisamaliro. Fomu yake ndi LP1H, yopezeka pa webusaiti ya boma ya GOV.UK. Musaisokoneze ndi LP1F, imene ndi ya ndalama ndi katundu. Pa fomuyi bambo amatchula munthu, kapena anthu, odzawalankhulira pa za mankhwala, opaleshoni, ndi kumene adzakhale. Gawo 5 limafunsa padera za chithandizo chosunga moyo. Akasankha A, woimirira wawoyo angavomere kapena kukana zinthu monga makina opumira ndi kudyetsedwa pa chubu. Akasankha B, zimenezo zimatsala m'manja mwa madokotala.

Mafomu ambiri amabwezedwa chifukwa cha masainidwe. Bambo ndiwo amayamba, pamaso pa mboni, ndipo mboniyo isakhale inu ngati ndinu woimirira. Kenako amasaina munthu wotsimikiza kuti bambo akumvetsa zimene akuchita ndipo palibe akuwakakamiza. Ameneyu akhale wowadziwa bwino kwa zaka zosachepera 2, kapena waluso ngati dokotala kapena loya, koma asakhale wachibale. Poti pali dementia, ife tingapemphe GP kapena dokotala wa kukiliniki ya oiwalaiwala, kuti wachibale wina asadzanene mawa kuti munawasainitsa ali osazindikira. Oimirira amasaina pomaliza. Madeti akasemphana ndi dongosolo limeneli, kapena mukafufuta ndi tipeksi, fomu ikhoza kukanidwa. Ikatha mumaitumiza ku ofesi ya boma ya Office of the Public Guardian, ndipo siigwira ntchito isanalembetsedwe kumeneko, zimene zimatenga masabata 8 mpaka 10 ngati palibe cholakwika. Pali ndalama yolipira, koma amene amapeza ndalama zosafika £12,000 pachaka angapemphe kuchotseredwa theka.

Za achimwenewo, lamulo sililetsa woimirira kukhala kunja kwa Britain. Koma onetsetsani bokosi limene mukuchonga. Mukalemba kuti muzisankha jointly, palibe chingachitike mpaka nonse awiri mutagwirizana, ndipo mmodzi akamwalira pepala lonse limagwa ngati panalibe wolowa m'malo. Taganizani adokotala akudikira yankho pakati pa usiku, foni ya ku Blantyre yathima chifukwa magetsi palibe. Mukalemba jointly and severally, aliyense angasankhe payekha. Komanso achimwenewo ayenera kusaina ndi cholembera pa pepala lenilenilo, osati pa chithunzi cha pa WhatsApp.

Pepala lachiwiri ndi Advance Decision to Refuse Treatment, limene ena amati living will. Apa bambo satchula munthu, amalemba okha chithandizo chimene akukana ndi nthawi imene akuchikanira. Likalembedwa bwino, dokotala ayenera kulitsata ngati kuti bambo akulankhula okha. Silifuna loya, silifuna ndalama, ndipo bungwe la Compassion in Dying lili ndi fomu yaulere. Ngati akukana chithandizo chosunga moyo, liyenera kukhala lolembedwa, losainidwa pamaso pa mboni imene nayo isaine, ndipo likhale ndi mawu onena kuti akukana ngakhale moyo wawo utakhala pachiswe, pa Chingerezi "even if my life is at risk". Mawu amenewa akasowa, pepalalo silimanga aliyense pa nkhani ya moyo.

Vuto lalikulu ndi kulemba zosamveka. "Sindikufuna kuzunzika" ndi zoona, koma dokotala sangadziwe chochita nazo. Pafunika kutchula: ndikadzafika poti sindikuzindikira ana anga ndipo ndalephera kumeza, ndikukana chubu cha chakudya cha m'mphuno kapena cha pamimba, ndikukana kupopedwa pachifuwa mtima ukaima, ndikukana makina opumira. Kambiranani kaye Chichewa kuti bambo anene za kumtima, koma lembani Chingerezi, ndipo GP awerenge nanu. Pepalali ndi lokanira chabe. Simungalamule nalo dokotala kupereka chithandizo chimene iye akuona kuti sichithandiza, simungapemphe nalo kuphedwa, ndipo simungakane nalo chisamaliro wamba monga kusambitsidwa, kufunditsidwa, kapena kupatsidwa chakudya ndi madzi pakamwa. Izi auzeni achimwene, poti mantha a ambiri ndi akuti wodwala adzangotayidwa pakona.

Mapepala awiriwa angathe kulimbana okhaokha. Bambo akalemba lokana chithandizo lero, mwezi wa mawa n'kusaina LP1H yopatsa inu mphamvu pa chithandizo chomwecho, ya pambuyoyo ndiyo imapambana. Akayamba ndi LP1H, lokana n'kubwera pambuyo, inu simungalisinthe. Choncho sankhani dala limene liyambe kusainidwa, ndipo mu LP1H mutchulemo kuti lina lija lilipo. Pepala lokana limathanso mphamvu munthu akachita zinthu zotsutsana nalo poyera. Mu 2003 khoti la ku England linagamula kuti khadi yokana magazi ya mtsikana wina amene anali wa Mboni za Yehova inalibenso mphamvu, chifukwa anali atasiya kusonkhana n'kulonjeza kulowa Chisilamu. N'chifukwa chake ndi bwino kuti bambo aziliwerenganso ndi kulembapo deti latsopano pamene mutu ukadali bwino.

Mudzamvanso za DNACPR ndi ReSPECT, poti mumakumana nazo kuntchito. Awa ndi mafomu odzaza achipatala, owongolera ambulansi ndi madokotala pa ngozi. Samanga mwalamulo ngati mapepala awiri aja, ndipo DNACPR imanena za kupopa mtima kokha, osati kusiya maantibayotiki kapena mankhwala a ululu. Kuyambira pa chigamulo cha Court of Appeal cha 2014, madokotala ayenera kukambirana ndi wodwala asanaiike mu faelo yake, kupatula ngati kukambiranako kungamuvulaze. Zina zimene bambo amazikonda, monga phala la m'mawa, abusa kapena ansembe kudzawapempherera, kumwalirira kunyumba osati kuwodi, zilembeni pa pepala wamba lotchedwa advance statement. Silimanga, koma wosankha aliyense ayenera kuliganizira.

Pepala likabisika ndiye kuti palibe. Mu 2017 kunamveka nkhani ya mayi wina wa ku Nuneaton amene anadyetsedwa pa chubu miyezi 22 atadwala sitiroko, pamene anali atalemba kale kuti sakufuna zimenezo. Pepalalo linakwiririka mu faelo ya kuchipatala, ana ake osadziwa kuti lilipo, ndipo chipatala chinalipira banjalo £45,000. Ndiye perekani kope kwa GP ndi kupempha kuti alembe mu kompyuta kuti lilipo, lina kukiliniki, lina likhale m'chikwama chimene mumanyamula popita kuchipatala.

Achimwene musawauze nokha, angaone ngati mwapangana ndi azungu kumbali. Imbani vidiyo bambo ali pomwepo, makamaka nthawi ya tsiku imene mutu wawo umakhala bwino, anene ndi pakamwa pawo, amalume ndi azakhali akumva. Izi zidzathandizanso bambo akadzafuna kukathera kumudzi, chifukwa lamulo la 2005 lija ndi la England ndi Wales basi. Ngakhale ku Scotland kuli lamulo lakelake la 2000, ndipo mutasamukira ku Glasgow mudzafunika kufunsanso kumeneko.