Fungo la viniga pa nthanga za koko

Achimwene, mwafunsa ngati nthanga za koko zomwe mwagula ku Yeoville ku Johannesburg zaonongeka poti zikumveka kafungo ka viniga. Ayi musataye, fungolo ndi lochokera kumunda komwe.

Ku Ghana akaswa chipatsocho amaunjika nthanga ndi zoyera zotsekemera zomwe zimakuta nthangazo nkuvundikira ndi masamba a nthochi kwa masiku 5 kapena 6. Oyamba kugwira ntchito ndi yisiti, makamaka Hanseniaspora ndi Saccharomyces cerevisiae, yomwe ija yofufumitsa buledi, imadya shuga nkutulutsa mowa ndipo zoyera zija zimasungunuka nkumadontha. Kenako amabwera mabakiteriya a lactic acid, a mtundu womwe umasasitsa thobwa kwathu akakhalitsa. Koma enieni a fungo lanulo ndi mabakiteriya a Acetobacter, alimi akatembenuza mulu mpweya nkulowa, mabakiteriyawa amasandutsa mowa uja kukhala viniga, mulu nkutentha mpaka madigiri 45 kapena 50. Asidi ndi kutenthako zimapha kambewu mkati, kuwawa kumachepa, apa mpomwe kukoma kwa chokoleti kumayambira.

Ine chomwe ndimaopa ndi nkhungu basi. Swani zingapo muone mkati, zikakhala zofiirira zopanda nguwi kazingani, fungolo lichepa.