Mndandanda wa sukulu zapamwamba: muukhulupirire mpaka pati?

Mayi, mwati mumakhala ku Rosettenville, mwana wanu wamkulu ali giredi 7, wamng'ono akuyamba giredi 1 chaka chamawa, ndipo mwaona pa Facebook mndandanda wa sukulu za boma zochita bwino muno mu Johannesburg. Funso lanu ndi loti kodi mungoutsata polembetsa ana. Muuwerenge ndithu, koma usakusankhireni sukulu. Mndandanda umanena za ana amene analowa m'chipinda cha mayeso, sunena zimene sukuluyo idzachite ndi mwana wanu.

Pafupifupi mindandanda yonse imene imazungulira m'magulumu imachokera pa chinthu chimodzi, zotsatira za matriki, mayeso omaliza a giredi 12, zimene boma limatulutsa mu Januwale. Munthu amangotenga peresenti ya okhoza n'kuzisanja sukulu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Vuto loyamba lili pa mawu oti "kukhoza". Mwana wa matriki amalemba maphunziro 7, ndipo kuti angodutsa amafunika 40 peresenti pa maphunziro atatu, limodzi mwa iwo likhale chilankhulo chimene akuchitenga ngati Home Language, ndi 30 peresenti pa ena atatu. Kukhozako kuli pamasitepe atatu: Higher Certificate pansi, Diploma pakati, Bachelor pamwamba. Bachelor ndiyo imatsegula khomo lofunsira digiri ku yunivesite, ndipo imafuna 50 peresenti pa maphunziro anayi, osawerengera Life Orientation. Ndiye sukulu ikhoza kulemba pachipata kuti onse akhoza, pamene oyenera digiri ndi ochepa kwambiri. Kumudzi tikudziwa kale zimenezi: wopeza mapointi 9 pa MSCE ndi wopeza 38 onse ali ndi satifiketi, koma sapita malo amodzi.

Kumbukiraninso kuti matriki ya 2024 dziko lonse linakhoza ndi 87.3 peresenti. Sukulu yonyadira 85 ili pansi pa chiwerengero cha dziko, ngakhale nambalayo imveke yokoma m'khutu.

Vuto lachiwiri ndiye lalikulu, ndipo mndandanda suliona n'komwe. Peresenti imawerengedwa pa ana amene analemba, osati pa ana amene anayamba. Tiyerekeze sukulu ziwiri. Yoyamba inali ndi ana 300 mu giredi 10, patapita zaka ziwiri olemba matriki n'kukhala 110, onse n'kukhoza. Imeneyo yapeza 100 peresenti, ili pamwamba pa mndandanda. Yachiwiri inali ndi 240 mu giredi 10, olemba n'kukhala 200, okhoza 176, yapeza 88 peresenti, ili pakati penapake. Koma werengani kuchokera ku giredi 10: yoyamba yafikitsa kumapeto ana 37 pa 100 alionse, yachiwiri 73. Enawo anapita kuti? Sukulu zina zimabwezera ofooka mu giredi 10 ndi 11, zina zimanyengerera makolo kuti mwana apite ku koleji ya ntchito zamanja (TVET) kapena akafune malo kwina, kuti dzina la sukulu lisadetsedwe. Lamulo limati mwana asabwereze koposa kamodzi m'gawo limodzi, ndipo giredi 10 mpaka 12 ndi gawo limodzi. Choncho sukulu yosunga ana ake ofooka mpaka kuwalembetsa matriki imaoneka yotsika, pamene yowakankhira kunja imawala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngati mwana wanu ndi wa pakatikati, osati wa nambala wani m'kalasi, sukulu yachiwiriyo ndiyo ingamufikitse.

Njira ina yokometsera peresenti ili pa masamu. Pomaliza giredi 9 mwana amasankha maphunziro a giredi 10, ndipo pamasamu pali Mathematics ndi Mathematical Literacy, imene ana amangoti Maths Lit. Maths Lit ndi yosavuta kukhoza, ndiye sukulu yofuna nambala yabwino imathamangitsira ana ambiri kumeneko. Mwana amadzazindikira mochedwa kuti za udokotala ku yunivesite ya Wits zimafuna Mathematics, za uinjiniya ku Wits kapena ku yunivesite ya UJ zimafuna Mathematics ndi Physical Sciences, ndipo Bachelor yake siyikumuthandiza pa zimene ankalakalaka. Sindikunyoza Maths Lit, kwa ana ena ndi yoyenera. Koma sukulu imene mwa ana 150 olemba Mathematics ndi 12 okha yakuuzani kale chinachake.

Kukula kwa kalasi nakonso kumasokoneza. Kumene olemba ndi 25, mwana mmodzi ndi 4 peresenti yathunthu, moti awiri akadwala nthawi ya mayeso sukulu imagwa masitepe ambiri. N'chifukwa chake chaka chimodzi sichikwanira. Dipatimenti ya Basic Education imatulutsa chaka chilichonse School Performance Report, imene imapezeka pa intaneti, ndipo imaonetsa sukulu iliyonse, olemba, okhoza ndi peresenti, kwa zaka zitatu zotsatizana. Palinso School Subject Report yoonetsa phunziro ndi phunziro. Yang'anani kaye chiwerengero cha olemba musanayang'ane peresenti. Mukaona peresenti ikukwera pamene olemba akuchepa chaka ndi chaka, mwadziwa kumene kukwerako kukuchokera. Sukulu imene yakhala pansi zedi zaka zitatu zonse, imeneyo ndiye mndandanda wanena zoona, ichotseni pa zosankha zanu. Phindu lenileni la mindandandayi lili pomwepo, kukuthandizani kudziwa zoti mupewe. Pakati pa sukulu ya 94 ndi ya 97 palibe kusiyana koti musamukire nako nyumba.

Ndipo onetsetsani kuti mndandandawo sukusakaniza. Sukulu zambiri zapulayiveti zimalemba mayeso a bungwe loima palokha la IEB, za boma zimalemba a boma. Onse amavomerezedwa ndi Umalusi, bungwe loyang'anira mayeso, koma kuyerekeza sukulu ya fizi yokwera yosankha ana ndi sukulu ya ku Diepsloot yolandira aliyense wobwera pachipata kuli ngati kuyerekeza sekondale ya national ndi CDSS. Ya national inatenga kale ana okhoza bwino pa Sitandade 8, ndiye kupambana kwake pa Fomu 4 sikodabwitsa. Kunonso sukulu zakale zotchuka ngati Jeppe, Parktown ndi King Edward VII ndi za boma, koma zili ndi makolo olipira fizi, aphunzitsi owonjezera olembedwa ndi SGB (komiti yoyendetsa sukulu, momwe muli makolo), ndiponso ana ambiri ochokera kumapulayimale abwino. Zotsatira zawo n'zenizeni, koma mbali ina ya zotsatirazo inabwera ndi anawo polowa.

Ena amasokoneza quintile ndi ubwino wa sukulu. Quintile 1 mpaka 5 si magiredi a kaphunzitsidwe, ndi muyeso wa umphawi wa dera limene sukulu ili. Za quintile 1, 2 ndi 3 sizilipiritsa fizi ndipo ana amalandira chakudya kusukulu, za 4 ndi 5 zimalipiritsa. Ntchito yake kwa inu ndi iyi: yerekezani sukulu ndi zinzake za quintile imodzi. Ya quintile 2 yotulutsa ma Bachelor ochuluka kuposa zoyandikana nazo ndiye ikugwira ntchito zedi.

Tsopano za wamng'onoyo. Kupulayimale kulibe mayeso a dziko lonse onga a Sitandade 8 kwathu. Analipo otchedwa ANA, koma anaima mu 2015 pa mkangano wa boma ndi mabungwe a aphunzitsi. Ndiye mndandanda uliwonse wa "mapulayimale khumi apamwamba" funsani kuti wayeza chiyani, chifukwa nthawi zambiri ndi mavoti a pa intaneti, maganizo a wolemba, kapena kutsatsa malonda basi. Chonsecho kupulayimale ndiye kumene nkhani imagona. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a giredi 4 m'dziko muno sankatha kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse. Muyeso wa pulayimale muupange nokha. Pezani mnzanu amene mwana wake ali giredi 3 pasukulupo, mupemphe kuona makope ake. Kodi muli ntchito ya sabata iliyonse? Yachongedwa ndi mphunzitsi, ndipo deti lomaliza ndi liti? Mpatseni mwanayo kabuku awerenge mokweza, kenako mumufunse kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Ana atatu otere akuuzani zambiri kuposa mndandanda wonse.

Pamenepa pali nkhani ya chilankhulo, imene kwa ife Amalawi ndi yolemera. Sukulu zambiri za m'malokeshoni zimaphunzitsa giredi 1 mpaka 3 m'chilankhulo cha deralo, monga isiZulu kapena Sesotho, Chingerezi n'kudzatenga malo kutsogolo. Mwana wolankhula Chichewa kapena Chitumbuka kunyumba, ngati chilankhulocho sachimva bwino, amayamba kuphunzira kuwerenga ali kale mmbuyo. Funsani kuofesi kuti giredi 1 amaphunzitsa m'chilankhulo chanji, ndipo chachiwiri ndi chiti, Afrikaans kapena isiZulu. Kwa wa giredi 8 funsaninso chimodzimodzi. Ngati kupulayimale ankatenga Afrikaans, kumuyambitsa isiZulu ku sekondale kudzamugwetsera malikisi mosayenera.

Zonsezi zili apo, dziwani kuti ku Gauteng kusankha kwanu kuli ndi malire. Giredi 1 ndi giredi 8 amalembetsa pa intaneti kudzera ku GDE, dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, nthawi yake imalengezedwa pakati pa chaka, ndipo mumaloledwa kusankha sukulu zosapitirira zisanu. Malo saperekedwa potengera nzeru za mwana, ndipo sukulu ya boma siloledwa kulembetsa mayeso olowera. Oyamba kuganiziridwa ndi amene nyumba yawo ili mu feeder zone ya sukuluyo, dera limene boma linaigawira kuti izitengako ana. Kenako amabwera amene ali ndi m'bale pasukulupo, amene kholo limagwira ntchito m'deralo, okhala mkati mwa makilomita 30, ndipo pomaliza akutali kuposa pamenepo. Cholakwika chofala n'choti kholo limadzaza malo onse asanu ndi sukulu zotchuka za pa mndandanda zimene zili kutali. Zonse zimadzaza ndi ana a m'dera lawo, ya pafupi imene anaisiya nayo n'kudzaza, Januwale n'kufika mwana ali pakhomo kholo lili pamzere ku ofesi ya distirikiti. Ikani zosachepera ziwiri kapena zitatu za mu feeder zone yanu, zotsalazo muyesere mwayi. Ngati mumagwira ntchito m'nyumba ya abwana kudera la sukulu zabwino, adiresi yakuntchito ndi njira yovomerezeka, bola kalata ya abwana yotsimikiza ikhalepo.

Mapepala akonzeni msanga, chifukwa mukalembetsa muli ndi masiku 7 oti muwapereke: chiphaso chanu, kalata ya kubadwa ya mwana, umboni wa kumene mukukhala, kabuku ka katemera ka kusikelo kwa wa giredi 1, ndi lipoti la giredi 7 kwa wamkuluyo. Umboni wa adiresi ndiwo umagwetsa ambiri a lendi, makamaka okhala m'zipinda zakuseri, ndiye lankhulani ndi alandilodi nthawi idakalipo. Osagula adiresi yabodza, amatsimikiza, ndipo akagwira malo amatayika. Kwa amene mapepala sali bwino: khothi lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa zikalata. Mukabwezedwa pachipata, pitani ku distirikiti, musangobwerera kunyumba.

Fizi isakuthawitseni musanawerengere. Pasukulu ya boma yolipiritsa pali fomu yopempha kuchotseredwa fizi, imene imaweruzidwa ndi SGB. Fizi ya chaka ikafika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene makolo amapeza pachaka, kapena kupitirira, imachotsedwa yonse, ikakhala pansi pang'ono amachotsako gawo. Mwachitsanzo, banja lopeza R6 000 pamwezi limapeza R72 000 pachaka, ndiye fizi ya R8 000 yadutsa kale malirewo. Sukulu siloledwanso kumana mwana lipoti chifukwa cha ngongole. Chimene palibe angakuchotsereni ndi thiransipoti. Sukulu ya matakisi awiri kupita ndi awiri kubwera imadya ndalama mwezi ndi mwezi, mwana amanyamuka kuli mdima m'nyengo yozizira, ndipo makalasi owonjezera a masana kapena Loweruka, amene nthawi zambiri ndiwo amabweretsa zotsatira zabwinozo, amawaphonya.

Mukatsala ndi sukulu zitatu kapena zinayi, pitani nokha. Imani pafupi ndi chipata m'mawa belu likulira, muone kuti ana ndi aphunzitsi ochedwa ndi angati, ndipo pakatha mphindi 15 panja pakadali ana oyendayenda kapena ayi. Bwereraninso tsiku lina cha m'ma 11 koloko. Kuofesi funsani mwaulemu kuti giredi 8 ili ndi ana angati m'kalasi imodzi, giredi 10 yonse ndi angati, giredi 12 ndi angati, olemba Mathematics ndi angati, ndiponso ngati mwana aliyense amapatsidwa buku lakelake lopita nalo kunyumba. Ahedi odzidalira sabisa manambala amenewa. Pemphaninso kuona zimbudzi. Zikumveka ngati zoseketsa, koma kumene zimbudzi zili ndi zitseko ndi madzi ndiye kuti pali wina woyang'anira zinthu.

Malo akapezeka uthenga umabwera pa SMS, ndipo muli ndi masiku 7 oti muvomere. Nambala ya foni imene mwalembetsera musaisinthe mpaka ana onse awiri atapatsidwa malo, ndipo dzina lolowera ndi pasiwedi muzilembe papepala, osati kungozisiya kwa munthu wa pa kafe ya intaneti amene anakuthandizani kudzaza.