Munthu wodziwa ntchito koma wa pakamwa powawa: ndimuchotse pagulu?

Wowerenga wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo. Iye amayang'anira gulu la WhatsApp la achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo pagulupo pali bambo wina amene wakhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Bamboyu akaona code (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu) ya munthu wongoyamba kumene sanyengerera. Amalemba kuti "izi ndi zinyalala", nthawi zina mpaka "ngati zikukukanikani kagulitseni matimati". Chovuta n'chakuti zimene amalozazo zimakhaladi zolakwika. Koma tsopano ena asiya kufunsa mafunso. Funso la wowerengayu ndi lakuti: ndimuchotse, kapena ophunzirawo angolimba mtima?

Achimwene, musamuchotse msanga, komanso musamusiye momwe alilimu. Popeza gulu lanu ndi la zamakompyuta, nkhani ya Linus Torvalds ikuthandizani kuona chifukwa chake.

Torvalds anayamba kulemba Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Lero Linux ndi imene ili mkati mwa foni iliyonse ya Android ndiponso makompyuta ambiri osungira mawebusaiti. Anthu zikwizikwi amatumiza zosintha zawo kuti zilowe mu Linux, ndipo kwa zaka zambiri Torvalds ankadziwika ndi kukalipa mopanda chisoni. Mu Disembala 2012, chosintha china chinachititsa kuti mapulogalamu amene ankayenda bwinobwino ayambe kuvuta. Mauro Carvalho Chehab, amene ankayang'anira mbali ya Linux imene chosinthacho chinakhudza, anayamba kunena ngati kuti vuto lili ndi mapulogalamu enawo. Torvalds anamuyankha pagulu ndi mawu otukwana, kumuuza kuti atseke pakamwa.

Mukawerenga uthenga umenewo modekha, mupezamo zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi lamulo: ngati chosintha chako chawononga pulogalamu imene anthu ankagwiritsa ntchito, wolakwa ndiwe, osati mwini pulogalamuyo. Lamulo limeneli ndi lamtengo wapatali, ndipo n'chifukwa chake mapulogalamu akalekale amayendabe pa Linux yatsopano. Torvalds akanakhala munthu wonyengerera pa mfundo imeneyi, bwenzi anthu mamiliyoni akuvutika nthawi iliyonse imene asintha makina awo. Chachiwiri ndi chitukwano. Muchotsemo chitukwanocho, lamulolo silichepa mphamvu ngakhale pang'ono. Anthu ambiri oteteza ukali amasakaniza ziwirizi, n'kumayamikira chitukwano pa ntchito imene yagwiridwa ndi lamulo.

Zotsatira za ukaliwo zinaoneka pambuyo pake. Mu 2013, Sage Sharp, amene nthawi imeneyo ankadziwika kuti Sarah Sharp ndipo ankagwira ntchito ku kampani ya zamakompyuta ya Intel n'kumayang'anira za USB 3.0 mu Linux, anapempha poyera kuti kunyozana kuthe. Zinthu sizinasinthe kwenikweni, ndipo mu Okutobala 2015 analengeza kuti wasiya. Ameneyu sanali wongoyamba kumene woti tinene kuti anathawa chifukwa ntchito yamukanika. Kenako pa 16 Sepitembala 2018 Torvalds mwiniwake anapepesa, nati akupuma kaye kuti akonze khalidwe lake, n'kusiyira ntchito Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu a Linux, kwa pafupifupi mwezi umodzi. Atabwerera sanasanduke mngelo ayi, amakalipabe nthawi zina, ndipo code yoipa amaikanabe. Linux nayo ikutulukabe yatsopano pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse monga kale.

Sharp tinamumva chifukwa analemba potsanzika. Ambiri satsanzika. Wikipedia ya Chingerezi inafika pachimake pa chiwerengero cha olemba mu 2007, kenako anayamba kuchepa. Kafukufuku wa Aaron Halfaker ndi anzake, amene anatuluka mu 2013, anapeza kuti olemba atsopano a mtima wabwino amene zolemba zawo zoyamba zinkangofufutidwa, kawirikawiri sankabwereranso. Pagulu lanunso zili choncho. Mnyamata amene wauzidwa za matimati sakuimbirani foni kudandaula. Angoika gululo pa mute, basi, ndipo inu muziona ngati kuli mtendere.

Komabe ndisakunamizeni, ife kuno matenda athu aakulu ndi ena. Munthu aike ndakatulo yosapsa pa Facebook, timangoti "moto!", "pitirizani bwana", kenako n'kukamuseka kumbali. Timati ndi ulemu, koma munthuyo amatha zaka akubwereza cholakwika chomwecho mpaka tsiku limene wolemba anthu ntchito adzamukane osamuuza chifukwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Bambo wa pagulu lanuyu ndi yekhayo amene akuwerengadi code ya anawo mzere ndi mzere, ndipo anthu otere ndi osowa. Mukamuchotsa, mutsala ndi gulu la anthu oomberana m'manja.

Ndiye chitani izi. Muimbireni foni, osati kumudzudzula pagulu, chifukwa munthu wamkulu mukamuchititsa manyazi pamaso pa ana amachoka tsiku lomwelo. Muthokozeni kaye, popeza ntchito akuigwiradi, ndipo mwaulere. Kenako mumupemphe chinthu chimodzi chokha: akati code ndi yoipa, atchule mzere wake, afotokoze chimene chidzawonongeke, ndiponso aonetse poyambira kukonza. "Apa mwaika password poyera, aliyense angathe kuiwerenga, ichotseni lero" ndi mawu olimba ndithu, ndipo asawafewetse. Koma za matimati, za nzeru za munthu, za sukulu imene anaphunzira, zimenezo ayi. Lamulo limeneli mulilembe pagulu kuti likhale la aliyense, asaone ngati mwamutchera iye yekha.

Ophunzirawo nawonso ali ndi mbali yawo. Ukali wambiri umayamba ndi mafunso a ulesi, monga "sizikutheka, ndithandizeni" popanda chithunzi cha error (uthenga wa kompyuta wonena chimene chavuta) kapena kunena zimene ayesa kale. Auzeni kuti funso lizibwera ndi zinthu ziwirizo.

Akadzalembanso chipongwe, fufutani uthengawo, mumuuze kumbali chifukwa chake, ndipo mumupemphe aulembenso popanda chipongwecho. Ngati akanitsitsa mpaka kachitatu, pamenepo mungamuchotse, koma muyambiretu pano kufufuza munthu wina wodziwa ntchito amene angamawerenge code ya anawo.