Kutsitsa BMW E30: masipuling'i musadule, ndipo 60 yachuluka

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi BMW 325i ya 1989, ya bokosi ija amaitcha E30, munaigula ku Joni, ndipo mukufuna kuitsitsa ndi mamilimita 60 kuti mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi uthe. Mwatinso makaniko wina wakuuzani kuti musataye ndalama, iye angodula makoyilo awiri pa sipuling'i iliyonse, mashoko n'kusiya omwewo. Galimoto ya mtundu umenewu ndakhala nayo zaka zambiri, ndipo yanga ndi yotsitsa. Ndiye ndinene mosapsatira: kutsitsa tsitsani ndithu, koma galainda isafike pafupi ndi galimotoyo, mashoko akalewo achoke, ndipo 60 muiwale.

Ndiyambe ndi zodulazo chifukwa n'zimene zandidetsa nkhawa. Lowani pansi kumbuyo mukaone nokha. Pa E30 sipuling'i ya kumbuyo ili payokha, shoko lili palokha. Sipuling'iyo ndi yonenepa pakati ngati mbiya, yowonda nsonga zonse ziwiri, ndipo nsongazo zimavala pa timitu tating'ono, kena pa mkono wonyamula tayala, kena pa bodi. Palibe bawuti yoigwira. Chimene chimaisunga pamalo ndi kulemera kwa galimoto, komanso shoko lomwe limaletsa mkonowo kutsika mopyola. Mukadula nsonga yowondayo, yatsalayo ndi yotakata, siikhalanso pa kamutu kaja. Ine ndinadzionera ndi maso pa galaja ina: E30 ya mnyamata wina yodulidwa chonchi, atangoikweza pa jeke tayala n'kulendewera, sipuling'i inapendekeka yokha, mwana wophunzira ntchito anaisolola ndi dzanja limodzi popanda sipanala. Tsono ganizani zimenezo zikuchitika pa liwiro la 100, tayala litagwera m'dzenje. Ena m'malo modula amaziwotcha ndi moto wa gasi kuti zifwamphuke. Kumeneko ndiye kupha chitsulo, chifukwa mphamvu ya sipuling'i imachokera m'mene anachiumitsira ku fakitale. Chikapsa chimafooka, mbali ina imatsika kuposa inzake, mapeto ake chimathyoka.

Gulani masipuling'i opangidwira ntchitoyo. Eibach ndi H&R, makampani a ku Germany, onse amapanga a E30, ndipo amtundu wa pamsewu amatsitsa mamilimita a m'ma 30 mpaka 35. Pogula nenani kuti injini yanu ndi ya masilinda 6, chifukwa a 318i ya masilinda 4 anawayesera kutsogolo kopepuka.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukanira 60 ndi sampu, chibeseni cha pansi pa injini chomwe mumakhala oyilo. Injini ya M20 imene ili m'galimoto yanuyo ili ndi sampu ya aluminiyamu, ndipo mimba yake yosunga oyilo ili kutsogolo, m'munsi kwambiri, moti chilichonse chotumphuka pamsewu chimayamba kukumana ndi iyo. Sampu yachitsulo ikagunda imangoboonda, koma ya aluminiyamu imang'aluka. Ine zinandigwera yanga ili yotsitsa ndi mamilimita 35 okha. Unali usiku, mvula ikuwaza, hampu yatsopano yosapakidwa penti pa tauni ina yaing'ono. Ndinaiona mochedwa, n'kuponda buleki mwamphamvu, mphuno ya galimoto n'kugwada pa nthawi yomwe inkafunika kudzuka. Ndinangomva kuti khoo! Nditaima n'kuunika ndi foni, oyilo anali akutsika ngati ulusi wakuda, n'kumayenda pamwamba pa madzi a mvula kulowera m'ngalande. Injini inapulumuka chifukwa ndinazimitsa pompo. Ndikanati ndikakamire kukafika kunyumba, bwenzi pano tikunena zina. Kuchokera tsiku limenelo ndinamangitsa chitsulo chotchinga sampu, ndipo aliyense wotsitsa E30 m'misewu yathu ino ndimamuuza kuti achiwerengere pamodzi ndi mtengo wa masipuling'i. Zithunzi mukuziona pa Instagram zija, zambiri ndi za galimoto zoyenda pa tala wosalala Loweruka lokha. Yanuyi idzafunika kukwera mahampu, kulowa pageti la kunyumba, mwinanso kupita kumudzi kumaliro itanyamula anthu anayi.

Za mashoko tsopano. Shoko la fakitale analipangira kuti lizigwira ntchito lili chapakati pa ulendo wake. Mukaika sipuling'i yaifupi, limakhala lopanikizika kale galimoto ili chiimire, mpata wotsala n'kuchepa, ndiye dzenje lililonse limafika kumapeto n'kugunda. Komanso sipuling'i yatsopanoyo ndi yolimba, shoko lotopa silingaigwire, galimoto imangodumphadumpha. Ngati mashoko anuwo ndi a zaka zambiri, sapyola miyezi ingapo asanayambe kudontha. Funani ofupikitsidwa monga Bilstein B8, kapena Koni achikasu aja. Musanaitanitse, yezani kukula kwa chipaipi cha kutsogolo momwe shoko limalowamo: E30 ili ndi masaizi awiri, mamilimita 45 ndi 51. Musangodalira zimene zalembedwa m'buku, galimoto ya zaka zoposa 30 yadutsa m'manja ambiri ndipo mwina wina anasinthapo kale. Katundu woti wachokera ku Joni pa basi, kumubweza ndi nkhani ina.

Poti zonse zidzakhala zomasula, sinthiranitu mphira. Mabushi a mikono ya kutsogolo, zogwirira mashoko za pamwamba makamaka za kumbuyo zomwe zimadziwika kuti sizichedwa kung'ambika pa E30, ndi timphira toletsa kugunda. Mphira wa 1989 anauma kalekale. Kuika sipuling'i yolimba pamwamba pa mphira wotere, phokoso lonse lidzalowa m'kati ndipo mudzada masipuling'i osalakwa.

Pa tsiku lomanga, yambani mwaimika galimoto pa simenti yosalala, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa limu kufika pa mlomo wa madigadi, matayala onse anayi, lembani papepala. Popanda manambala amenewa simungadziwe kuti yatsika bwanji. Kumbuyo ntchito ndi yopepuka: kumasula bawuti ya m'munsi ya shoko, kukanikiza mkono pang'onopang'ono, kutulutsa sipuling'i, maso ali pa paipi ya mabuleki kuti isakokeke. Pansi ndi pamwamba pa sipuling'i pamakhala timphira tokhalira, ndipo timapezeka tochindikala mosiyanasiyana. Timeneti timathandiza kwambiri ngati kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo. Kutsogolo ndiye koopsa. Mwendo wonse umatuluka pamodzi ndi habu, ndipo sipuling'i yake imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yoti ikhoza kuswa nsagwada za munthu. Pamafunika zopanira masipuling'i zenizeni, ziwiri, mbali iyi ndi iyo. Mukaona makaniko akumanga sipuling'i ndi waya kapena lamba, chonde muletseni, pali moyo wa munthu pamenepo. Mabawuti odutsa m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatera pa matayala ake, apo ayi mphira amakhala wopotoka ndipo amang'ambika msanga.

Chimodzi choti muvomereze musanayambe: E30 ikatsika, matayala a kumbuyo amapendekera m'kati kumtunda, chifukwa cha momwe mikono yake imazungulirira. Fakitale sinaike posinthira kupendekeka kumeneku. Pa 30 kapena 35 n'kopiririka, tayala limadyeka m'kati pang'ono basi. Pa 60 mudzaona tayala looneka latsopano kunja, koma mukapisa dzanja m'kati waya akubayani. Yendani sabata imodzi kapena ziwiri kuti masipuling'i akhazikike, kenako pitani ku alayimenti, ndipo yezaninso ndi tepi ija.

Masipuling'i akalewo musagulitse kwa ogula zitsulo. Atsukeni, lembani kuti iyi ya kutsogolo kumanja, iyi ya kumbuyo kumanzere, asungeni pouma. Ma E30 a ku South Africa ankamangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo kumeneko anthu amawakonda kwambiri, makamaka 325iS yomwe amaitcha Gusheshe. Osaseweretsedwa akusowa chaka ndi chaka, ndipo wogula wodziwa amafunsa zida zoyambirira.

Ngati ndalama sizikukwana zonse pakamodzi, yambani ndi mashoko ndi mabushi mwezi uno, galimoto ikhale pa msinkhu wake. Bilstein B8 amafuna sipuling'i yaifupi, ndiye ngati mwasankha amenewo dikirani mumange zonse tsiku limodzi. Tumizani chithunzi cha pansi pa injini ndi muyeso wa chipaipi chija muno m'gulu, tione ngati sampu yanu sinawotchereredwepo kale.